Abiti Twaibu ndi Kadzidzi wa M'shedi

A Rashida, amene anthu a ku Liwonde ankawatchula kuti Abiti Twaibu, anasoka matumba zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'shedi ina yaikulu kufupi ndi njanji. Shediyo inali ya kampani yogula mbewu kwa alimi, makamaka nandolo ndi chimanga. Amuna ankathira mbewu m'thumba n'kuliyeza pa sikelo, iwo n'kulitseka kukamwa ndi singano yaikulu ndi twaini. Pa ntchito panalibe wowanena. Chimene ankawanenera chinali pakamwa.

Anabadwira m'mbali mwa nyanja ya Chiuta. Bambo awo, Che Twaibu, anali asodzi, koma madzi akatsika ankatchera mbalame m'mabango. Mwana wamwamuna analibe, choncho amene ankapalasa bwato pokayendera misampha anali Rashida. Asanathe msinkhu n'komwe anali atadziwa kugwira tsekwe osamuthyola phiko, ndiponso kumasula mwendo wa mbalame pakhwekhwe osajomphedwa m'maso. Che Twaibu anali ndi lamulo lawo limene anzawo ankawaseka nalo. Mbalame yosadyedwa ikakodwa, kaya kakowa, kaya nantchengwa, kaya kadzidzi, ankaimasula n'kuiponya m'mwamba. Akafunsidwa ankangoti, "Chimene sudya ukuchipheranji?"

A Rashida anakwatiwa ali aang'ono, n'kubereka mwana mmodzi, Amira. Mwamuna anapita ku Joni kukasaka ntchito. Zaka ziwiri zoyamba ankaimba foni, kenako zii. Achibale atakhala pansi anagwirizana zoti a Rashida akalowe mitala kwa mwini golosale wina wa pamudzipo. Iwo anamvetsera mpaka wolankhula womaliza atatha, n'kuyankha liwu limodzi la Chiyawo, "Ngwamba." Amalume awo anayesa kuwanyengerera m'Chichewa, yankho n'kukhala lomwelo, "Iyayi." Chaka chimene nyanja inaphwa kwambiri mpunga n'kupserera, anamanga katundu, kugwira Amira padzanja n'kukwera sitima ya ku Liwonde. Wina anawakuwira kuti mkazi wokhala yekha m'tauni mapeto ake ndi odziwika.

"Mudzabwere mudzawaone mapetowo," anatero ali pawindo.

Kushediko anadziwika msanga. Tsiku lina kunabwera nandolo wosauma bwino, kapitawo wa nthawi imeneyo n'kulamula kuti asokedwe msanga lole isananyamuke. A Rashida anapisa dzanja m'thumba, kutafuna njere imodzi, n'kuika singano pansi. Anati nandolo wonyowa sasoka, amene akufuna asoke yekha. Anawaopseza ndi kuchotsedwa ntchito, koma mapeto ake nandoloyo anayanikidwa.

Pamene nkhani ya kadzidzi inkachitika, iwo anali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Amira anali atakwatiwa ku Balaka, iwo akukhala okha m'kanyumba ka lendi. Kapitawo anali a Festus, bambo wa zaka makumi atatu ndi mphambu, wokonda kuliza wezulo ngakhale munthu ali pafupi pomwepo.

Munali mu Seputembala, nandolo ali pachimake. Lolemba masana kavuluvulu anadutsa pashedipo n'kukanganula lata limodzi pangodya ya denga. Lata linakhala chiyasamire masiku awiri, Lachitatu kalipentala n'kudzalikhomera. Palibe anaganiza zoyang'ana ngati mwalowa kanthu.

Lachinayi m'mawa Elube, mayi wachitsikana amene ankasesa m'shedimo, anaona zitosi zoyera pamwamba pa matumba. Atakweza maso anakumana ndi nkhope yoyera, yozungulira ngati mbale, ikumuyang'ana kuchokera pachitsulo cha denga. Anaponya tsache n'kutuluka akukuwa.

"Kadzidzi! Muli kadzidzi!"

Anthu onse anakhamukira panja. A Festus analiza wezulo mpaka anthuwo anabwerera, koma aliyense ankagwira ntchito diso lili kudenga. Isanakwane teni koloko, bambo wina wonyamula matumba anaterereka pathabwa lokwerera pa lole n'kubinya mwendo. Basi nkhani inapsa. Ena ankati mbalameyo yatumidwa ndi munthu amene anachotsedwa ntchito mwezi wathawo. Ena ankati wabwera nayo ndi wa mommuno. Amuna anatola miyala, wina anathamangira kwawo kukatenga legeni.

Shediyo inali yaitali ngati bwalo la mpira, denga lili kutali, ndipo milu ya matumba inali itatsala pang'ono kufika kuzitsulo. Zitseko ziwiri zikuluzikulu zinali zotsegula, koma zinali m'munsi, ndipo kunja dzuwa linali phwee. Kadzidzi akagendedwa ankakwera m'mwamba, osati kutsika. Ankauluka mwakachetechete kuchoka mbali ino kukafika mbali inayo, kukadziwombetsa palata loonekera limene linkalowetsa kuwala, n'kubwereranso. Miyala inkangolira pamalata. Wina ataphwanya babu, a Festus analetsa.

"Basi, basi! Mubowola denga. Loweruka kukubwera opopera mankhwala a anankafumbwe. Titseka muno masiku asanu. Tikadzatsegula tidzangosesa."

Anthu anaseka, mitima n'kukhala pansi. A Rashida sanaseke. Mbalameyo ankaidziwa. Kuseri kwa shedi kunali mlambe waukulu umene anthu sankakonda kukhalapo, ndipo iwo ndi pamene ankadyera masana. Patsinde pake ankapeza timibulu ta ubweya timene kadzidzi amalavula, ndipo akatiswa ndi kamtengo ankapezamo timitu ta makoswe. Masabata apitawo anali atayamba kumva kufwenthera m'mphako ya m'mwamba. Munali ana.

Madzulo anthu akuweruka, a Rashida anapita kwa a Festus.

"Akapitawo, ndili ndi pempho. Dzuwa likalowa muzimitse magetsi, musiye chitseko chimodzi chotsegula, tonse tichokepo. Ola limodzi lokha. Kadzidzi uja atuluka yekha."

"Chitseko chimatsekedwa faifi koloko, amayi. Si lamulo langa."

"Mlonda alipo. Inenso ndikhala."

"Ndisiye katundu wa kampani pamtunda chifukwa cha mbalame ya afiti? Nanga inu ikukukhudzani pati?"

"Makoswe a muno akuwadya ndi iyeyo. Ali ndi ana mumlambemo."

"Mpaka mukudziwa kuti ali ndi ana? Amayi inu, mawu ngati amenewo musamalankhule pagulu."

Anakoka chitseko n'kukhoma loko.

Lachisanu a Rashida anafika atanyamula nsungwi yaitali, waya ndi masikito akale obooka. Anaziika pakhoma n'kugwira ntchito yawo m'mawa wonse. Kadzidzi anali pachitsulo cha kumapeto, maso ali tsinzini, mapiko atagwa pang'ono. Linali tsiku lachitatu asanadye kanthu. Wezulo ya nkhomaliro italira, amuna ena anapita ku mzikiti, ena kukagula chakudya. A Rashida anakhala pansi, kupinda waya kuti azungulire, kumumangirira kunsonga ya nsungwi, n'kuyamba kusokerera masikito ndi singano yawo ya matumba. Elube anaima chapatali akuwayang'ana.

"Amayi, zisiyeni izi. Anthu akulankhula kale."

"Anayamba kulankhula usanabadwe iwe."

"Si zoseka. Mayi anga tsiku limene ankamwalira, kadzidzi analira padenga usiku wonse. Ndinamumva ndekha."

A Rashida anaimitsa singano. "Pepa, mwanawe, za mayi ako. Koma kadzidzi amalira tsiku ndi tsiku. Masiku amene kulibe maliro simuwawerenga."

A Festus anatulukira akupukuta m'manja. Ataona nsungwi ija anaima.

"Mukufuna kutani?"

"Ndikufuna kumutulutsa."

"Pamulu sipakwera mzimayi, mukudziwa. Mukagwa adzafunsidwa ndine."

"Ndiye kwerani inu. Nsungwi ndi iyi."

A Festus sanailandire.

"Nanga amunawo? Itanani mmodzi."

Amuna atatu amene anali pakhomo anayang'ana kumbali.

"Mwaonatu," anatero a Rashida. Anavula masilipasi, kumanga chitenje molimba m'chiuno, kukolekanso china paphewa. Anayedzeka makwerero pamulu wa nandolo.

"Amayi, ndikukuletsani! Mukaponda pamenepo ntchito yatha!"

"Bisimila," anatero a Rashida, n'kuponda.

Wezulo inalira kumbuyo kwawo koma sanacheuke. Makwerero anathera pakati pa mulu, kotsalako anakwera ndi manja, kulowetsa zala zakumapazi m'mipata ya matumba, nsungwi akuikankhira patsogolo. Pamwamba panali potentha ngati mu uvuni wa njerwa. Malata anali pafupi ndi mutu, fumbi la nandolo likulowa m'mphuno. Anayenda chowerama mpaka kumapeto kwa mulu. Kadzidzi anatsegula maso, kuweramitsa mutu n'kuyamba kuupendeketsa uku ndi uku. A Rashida anakweza nsungwi pang'onopang'ono. Masikito atatsala pang'ono kumufika, anadumpha n'kuuluka mpaka kumapeto ena a shedi.

Pansi panamveka kuseka. Anthu anali atayamba kubwerera, ndipo ena a m'misika ya pafupi anali atamva kuti kushedi mzimayi akuthamangitsana ndi kadzidzi.

Pakati pa milu panali mipata yoti munthu sangadumphe. A Rashida anatsika, kukoka makwerero okha mpaka kumulu wa kumapeto enawo, n'kukweranso. Kadzidzi anawadikira mpaka afike pafupi, n'kubwerera kumene anachokera. A Rashida anatsikanso. Ulendo wachitatu bulauzi inali itamatirira kumsana. Atafika pansi anakhala pathumba akupumira m'mwamba.

"Wakukanani mnzanuyo!" anakuwa wina pakhomo.

A Rashida anapukuta nkhope ndi mpango. Anali ataona kuti ulendo womalizawo mbalameyo inaulukira m'munsi ndipo inaphonya chitsulo koyamba. Inali itatopa kuposa iwo. Chimene chinkasowa chinali munthu woima mbali inayo kuti aibweze. Anayang'ana anthu a pakhomowo mmodzimmodzi, koma sanapemphe aliyense. Anaimirira n'kugwira makwerero.

"Dikirani."

Anali Elube. Anali atatola tsache lake lalitali losesera akangaude.

"Musaganize kuti ndasiya kumuopa," anatero. "Koma mukapitiriza chonchi afe ndinu. Ndizitani?"

"Ukaime pansi pa chitsulo icho. Akatera, ugwedeze tsache, osamumenya. Usakuwe."

"Elube!" anaitana a Festus. "Nawenso?"

"Ine ndikusesa akangaude, akapitawo."

A Rashida anakwera kachinayi. Ulendo uno sanapite pafupi ndi mbalameyo. Anagona chafufumimba pamwamba pa mulu wapakati, pamene inkadutsa nthawi zonse, nsungwi itagona pambali pawo. Elube anagwedeza tsache, nkhope atatembenuzira kumbali. Kadzidzi ananyamuka, kudutsa pamwamba pa a Rashida, kukafika kumapeto, kulephera kutera, n'kubwerera ali m'munsi kwambiri. A Rashida anadzuka ndi maondo n'kukweza nsungwi kutsogolo kwake. Anadzilowetsa yekha m'masikito. Nsungwi inagwedezeka, iwo n'kuigwetsera pamatumba.

Phokoso limene anatulutsa linali ngati madzi othiridwa pachitsulo chamoto. Anthu a pakhomo anabwerera m'mbuyo. A Rashida anakwawa n'kumufunditsa chitenje cha paphewa chija kuti asaone, kenako anapisa dzanja pansi kufunafuna miyendo. Kale ankadziwa kuti miyendo imagwiridwa yonse iwiri nthawi imodzi, chapamwamba. Koma dzanja linali litakalamba. Linagwira umodzi, winawo n'kuwapeza. Zikhadabo zinalowa pakati pa chala chachikulu ndi cholozera, chimodzi mpaka kutulukira kuseri.

Sanakuwe. Anadziluma mlomo n'kudikira. Ankadziwa kuti ukakoka ndiye amafinya kwambiri. Ndi dzanja lamanzere anapinda mapiko, kukulunga mbalame yonse m'chitenje, kenako n'kuyamba kutsegula zikhadabozo chimodzichimodzi. Atamasuka anamanga mfundo n'kuunyamula mtolowo pachifuwa. Unali wopepuka modabwitsa, nthenga zokhazokha ndi mtima ukugunda.

Kutsika kunavuta kuposa kukwera. Elube anakwera makwerero mpaka pakati n'kumawagwira akakolo, kuwaikira phazi pamene payenera. Magazi ankadonthera pamatumba.

Pakhomo panali anthu oposa makumi atatu. Palibe anapatuka. Kutsogolo kunali bambo wina, mchimwene wake wa wobinya mwendo uja, atagwira chithabwa.

"Ikani pansi, amayi. Timalize."

"Patukani."

"M'bale wanga ali gone kunyumba chifukwa cha chimenecho."

"M'bale wanu waterereka pathabwa lothyoka. Thabwalo ndi ilo, likadali pomwepo. Kalimenyeni."

"Bwanji mukuchiikira kumbuyo? N'chanu eti?"

Funso limeneli ndi limene aliyense anali nalo kuyambira dzulo lake. A Rashida anamuyang'ana bamboyo m'maso.

"Eya, lero ndi wanga. Ndamutsitsa ndine, magazi awa ndi anga. Amene akufuna kumumenya ayambire dzanja limene lamunyamula."

Anayenda molunjika kwa iye. Bamboyo anakweza chithabwa pang'ono, kuyang'ana anzake, n'kupeza kuti onse afutukira m'mbali. Kaya ankaopa mayiyo kaya mtolowo, iye yekha ndiye akudziwa, koma anapatuka. A Rashida anadutsa pakati pawo osathamanga, kuzungulira shedi mpaka pamlambe. Elube yekha ndiye anawatsatira, ali ndi botolo la madzi.

Anakhala patsinde n'kumasula mbali ya kumutu. Anaviika chala m'madzi n'kudonthezera m'mbali mwa mlomo wake. Madontho oyamba anangotsetsereka, kenako pakhosi panayenda.

"Akumwa," ananong'ona Elube. Anasendera pang'ono. "Kani ali ndi timadontho pachifuwa ngati nkhanga."

A Rashida anaimirira, kuika mtolowo pamphanda yotsika ya mlambe, kumasula mfundo n'kubwerera m'mbuyo. Kadzidzi anakhala pomwepo nthawi yaitali, nthenga zili nyankhalala. Kenako anadzikutumula, kudumphira panthambi ya pamwamba, kupuma, kudumphanso, n'kulowa m'mphako. Mkatimo munabuka kufwenthera kwa ana.

"Tiyeni kuchipatala," anatero Elube. "Dzanjalo latupa kale."

Kuchipatala anawatsuka bala, kuwabaya jakisoni n'kuwamanga bandeji. Shedi inapoperedwa Loweruka n'kutsekedwa. Masiku asanuwo nkhani inayenda Liwonde yense, ndipo poyendapo inanenepa. Ena ankati mayiyo anaitana kadzidzi ndi dzina. Ena ankati anamuyamwitsa magazi a m'dzanja lake. Mayi wogulitsa tomato amene ankawapatsa basera zaka zonsezi anayamba kuwaikira tomato pansi m'malo mowapatsira m'manja.

Tsiku lotsegula shedi kunabwera a Blasius, manijala wa kampaniyo, amene ankakhala ku Balaka. Anali bambo wachikulire, wolankhula mofatsa. Anawaitanira a Rashida mu ofesi, a Festus ataima pakhomo.

"Abiti Twaibu, khalani pansi. Dzanja lili bwanji?"

"Likupola, bwana."

"Ine za akadzidzi sindizikhulupirira. Ndine munthu wa tchalitchi. Koma ndili ndi anthu makumi awiri amene akuti sagwira thumba limene mwasoka inu. Ndili ndi kapitawo amene munamunyoza pagulu. Ndithandizeni."

"Ndikuthandizeni bwanji?"

"Zinthu ziwiri. Mupepese kwa a Festus. Kenako tiitane shehe, mulumbire pamaso pa onse kuti mbalame ija si yanu ndipo za ufiti simuzidziwa. Ikatero yatha, mawa muli pantchito."

A Rashida anatembenukira kukhomo. "Akapitawo, ndinakwera pamulu mutandiletsa. Pamenepo pepani." Anabwerera kwa a Blasius. "Choyamba chatheka."

"Chachiwiri?"

"Iyayi."

"Ndi mawu chabe, amayi."

"Akanakhala mawu chabe simukanaitana shehe. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndadya ndi anthu amenewa. Ana awo akadwala ndapita kukawaona. Lero ndiime kutsogolo kwawo ngati wakuba, ndigwire Buku, ndinene kuti sindine mfiti? Amene akuti ndine mfiti ndiye agwire Buku, alumbire kuti anandiona. Ine ndikhala pansi ndizimvetsera."

"Mukudziwa kuti zimenezo sizingatheke."

"Nanga zanga zitheka bwanji?"

A Blasius anavula magalasi n'kudzitikita m'maso. "Ndiye mukundisiya ndi njira imodzi."

"Ndaiona kale. Musavutike nayo."

Anatuluka, kupita pamalo pawo, kutenga mpando wawo waung'ono ndi singano. A Festus anawatsatira.

"Zida za kampani zimatsala."

A Rashida anawaonetsa singanoyo pafupi ndi mphuno. "Iyi ndi sipoko ya njinga. Ndinasula ndekha, kuboola ndekha. Ya kampani inathyoka chaka chimene inu munali kusukulu."

Anadutsa pakati pa anthu mutu uli m'mwamba, akupereka moni kwa aliyense ndi dzina lake, kuyambira wa pasikelo mpaka mlonda. Ena anayankha, ena anayang'ana pansi. Elube ankalira. A Rashida anamuuza kuti apukute misozi agwire tsache, iye ali ndi ana oti adyetse.

Amira atamva anabwera kuchokera ku Balaka tsiku lomwelo.

"Amama, mukanangolumbira. Mulungu akudziwa kuti si zoona, ndiye chikanavuta n'chiyani?"

"Poti akudziwa, ndikamuvutitsirenji?"

"Ndiye tiyeni kwathu. Chipinda chilipo."

"Ndikakhale pakhonde pa apongozi, anthu aziti anathawa? Manja ndili nawo."

"Limodzi ndi lomanga bandeji."

"Lipola."

Linapoladi, koma chala chachikulu chinatsala chouma, chosapindika bwino. Anaphunzira kugwira singano mwa mtundu wina, kuikankha ndi chikhatho. Ku Liwonde mashedi ena anawakana asanamalize n'komwe kupempha. Ndiye anasamukira ku Nsanama, kumene alimi ndi mavenda amakumana ndi mbewu zawo. Anapempha malo pakhonde la sitolo ina yotsekedwa, kuika mpando wawo, twaini ndi singano, n'kumadikira.

Nkhani inali itawatsogolera pa minibasi. Sabata yoyamba palibe anabwera. Anthu ankadutsa chapatali, ena akulozerana ndi milomo. Achinyamata a kabaza anawapatsa dzina loti Abiti Kadzidzi, n'kumaliitana akudutsa pa liwiro. Tsiku lachitatu a Rashida anayamba kuvomera. Wina akakuwa, iwo ankayankha mokweza, "Ndine pano! Mwabwera ndi thumba?" Posakhalitsa okuwawo anatopa. M'mawa uliwonse ankabwera, kusesa pakhondepo, kukhala mpaka msika kutha, n'kubwerera opanda thumba ngakhale limodzi.

Tsiku lina la msika, sabata yachiwiri, mayi wina wogula nandolo, a Gladys, anapeza tsoka. Matumba awo anali osokedwa mwachisawawa ndi luzi, ndipo pokweza pa lole asanu anaphulika kukamwa, nandolo n'kumwazika mumsewu. Otsalawo, pafupifupi makumi anayi, ankaoneka kuti sakafika ku Liwonde. Dalaivala ankaliza hutala, mbuzi zitayamba kale kudya. A Gladys anathamanga uku ndi uku kufunsa wosoka. Wina anawalozera pakhonde paja, mnzake n'kuwanong'oneza kanthu kukhutu. A Gladys anaima, kuyang'ana mayi wa mpango wakudayo, kuyang'ananso nandolo wawo.

"Amayi, mungandisokere onsewa lisanapendeke dzuwa?"

"Muuzeni dalaivalayo asiye phokoso. Atsitse onse, aziwabweretsa awiriawiri."

Anamasula luzi, kupinda kukamwa kwa thumba, singano n'kuyamba kuyenda. Anthu anasonkhana kudzaonerera, poyamba chapatali, kenako pafupi. Thumba lililonse likatha ankalimenya ndi chikhatho n'kunena, "Lina." A Gladys ankawagwirira makutu a thumba, maso ali pachipsera cha padzanja lija. Pofika thumba la makumi atatu analephera kupirira.

"Amayi, mundikhululukire. Kodi n'zoona zimene akunenazi?"

"Zoti chiyani?"

"Zoti muli ndi kadzidzi."

"Ndinali naye," anatero a Rashida, akudula twaini ndi mano. "Kuchokera pashedi kukafika pamlambe. Gwirani bwino uko, thumba likupendama."